Jombo Inayo Ili Kuti?

Kuno ku Otter Bend munthu akhoza kukukhululukira utamugundira galimoto, koma osati utakhudza dzungu lake. Sitikunena maungu ophikira ana ayi. Tikunena maungu a mpikisano, aja onyamula ndi thirakitala, amene eni ake amawapatsa mayina, kuwamangira mthunzi kukatentha ndi kuwafunditsa mabulangete kukayamba chisanu. Arlo Haugstad ndi mkazi wake Verna analima maungu otere zaka zoposa makumi atatu, n'kumagulitsa nthanga zake kwa amisala anzawo m'dziko lonse. Bizinesiyo inali yolembetsa kuboma, kampani ya anthu awiri, aliyense theka, ndipo pachipata cha famu panali chikwangwani chakuti Haugstad ndi Haugstad.

Chaka chimene zinthu zinasokonekera, dzungu lawo linali Dolores. Ameneyu anakula mpaka anthu ankaimitsa galimoto pamsewu kuti amuone. Tsiku lina wailesi italengeza za chisanu, Arlo anayang'ana mabulangete onse a m'shedi n'kuona kuti ndi opyapyala. Analowa kuchipinda, n'kusolola bulangete la pabedi, lija amayi ake a Verna anasoka ndi manja awo kukhala mphatso ya ukwati, n'kukamufunditsa Dolores. M'mawa mwake Verna analipeza lili matope okhaokha, nkhono zikuyendapo.

"Zatha!" anakuwa Verna. "Tulukani m'nyumba muno, mukakwatire dzungu lanulo!"

Arlo sanatekeseke. Mawu amenewa Verna ankawanena chaka chilichonse nthawi yokolola, ndipo madzulo ake ankafunsa ngati munthu akufuna mbatata zokazinga kapena zophika. Koma ulendo uno Arlo atangofika pabwalo, jombo yake yakumunda inauluka kuchokera pakhomo n'kumupeza pamsana, chitseko n'kutsekedwa. Izi zinali zachilendo. Anaitola jomboyo n'kuima pomwepo kudikira inzake, koma sinabwere. Anaiponya m'kalole kake n'kupita kukagona m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zitsulo ya mng'ono wake.

Lamlungu lotsatira linali tsiku la mpikisano. Arlo anaganiza kuti anthu akhoza kukangana, koma dzungu lisavutikire za eni ake. Verna ali kutchalitchi, iye anapita kufamu, n'kumukweza Dolores palole, ulendo wa kusikelo. Verna pobwera anapeza m'munda muli chibowo, ndipo chipewa cha kutchalitchi chikadali kumutu anaimbira apolisi. Anamugwira Arlo ali pamzere, patsogolo pake patangotsala dzungu limodzi. Dolores apolisiwo anamutenga ngati umboni, ndipo anaolera kuseri kwa polisi asanakwere pasikelo. Mpaka lero palibe amene akudziwa kulemera kwake, ndipo kunena zoona ambiri a ife nkhani imeneyi imatiwawa kuposa ya banja lawo.

Mlandu ukafika m'manja mwa boma sukhalanso wa amene anaimba foni. Kukhoti Verna anafunsidwa mafunso oyankha inde kapena ayi. Arlo loya wake anamuuza kuti atseke pakamwa, ndipo anatsekadi. Anamupeza wolakwa pa mlandu wakuba. Kundende sanapite, koma anamulamula kuti kwa zaka zitatu asaponde pafamupo ndiponso asalankhule ndi Verna, kaya pamaso, kaya pafoni, kaya kudzera mwa munthu. Bambo wa imvi, amene anali asanabepo ngakhale supuni, anakhala wakuba wopanda kwawo, wogona pamwamba pa misomali. Zinamupweteka kwambiri.

Anachita apilo. Loya wake watsopano anali mayi Priscilla Dombek, mayi wamfupi wolankhula ngati akuthamangira basi.

"Nkhaniyi ndi yosavuta, a Haugstad," anatero mayiwo. "Ngati kampani yanu ndi akazi anu inali isanathe tsiku limene munanyamula dzungu, theka la dzungulo linali lanu, ndipo simunabe kanthu. Mubwerera kufamu. Koma ngati inali itatha, munalowa m'munda wa eni."

"Ndiye majajiwo akagamula ngati ine ndi mayi a kunyumba tinasiyana?"

"Kampani, bambo. Za ukwati ndi khoti lina."

"Kwathu ndi chimodzimodzi," anatero Arlo. "Chabwino. Koma ulendo uno ndilankhula."

"Simulankhula. Ku apilo kulibe mboni. Majaji atatu amawerenga zimene zinalembedwa kukhoti loyamba, n'kufunsa maloya mafunso, basi. Chimene sichinalowe m'mafailo, kwa iwo sichinachitike. Ngakhale denga la khoti likadagwa tsiku limenelo, ngati wolemba sanalembe, denga lilipo."

Arlo anagwedeza mutu ngati wamva, koma mumtima anati loya aliyense amanena zomwezo kuti azilankhula yekha. Anayamba kukonza mawu ake. Madzulo sitolo ikatsekedwa ankaima kutsogolo kwa makina otchetchera kapinga n'kuwafotokozera za chisanu, za bulangete, za mmene nthanga ya Dolores anaimeretsera m'kapu ya tiyi pawindo la kukhitchini, Verna akumuuza kuti wathira madzi ambiri. Mawuwo ankatalika mwezi ndi mwezi, ndipo pofika chaka chachiwiri ankamuliritsa iye mwini.

Khoti la apilo lili ndi chizolowezi chake. Nthawi zina limachoka kulikulu n'kukamvera milandu m'masukulu a sekondale, ati kuti ana aone mmene chilungamo chimayendera. M'chigawo chino muli milandu yakupha, ya mabanki, ya mafakitale otayira zoipa mumtsinje, koma wina wake kulikuluko anaona kuti ana a ku Otter Bend aphunzira zambiri pa mlandu wa Arlo. Choncho manyazi amene munthu akanakawaonera kutali anamubweretsera pakhomo.

Anakonza holo yomwe ana amaseweramo basiketibo. Tebulo la majaji analiika pansi pa kaukonde kogoletseramo mpira. Kutsogolo kwake kunali poimira loya, pokhala ndi nyali zitatu ngati maloboti a pamsewu: yobiriwira ikayaka ulankhule, yachikasu ufulumire, yofiira utseke pakamwa ngakhale uli pakati pa liwu. Pakatebulo kena panali jombo ija, imene apolisi anaipeza m'kalole ka Arlo, ili m'pepala la pulasitiki, atailembera nambala. Wapolisi anamukhazika Arlo kumabenchi a timu ya pakhomo, Verna kumabenchi a alendo, kuti lamulo losayandikana lisaphwanyidwe. Pakati pawo panadzaza ana a sukulu, akutafuna chingamu, osangalala kuti aphonya masamu.

Arlo anamuba ndi diso mkazi wake. Anali atavala chipewa chomwe chija, chikwama chili pamiyendo, nkhope ili gwa. Anaoneka wowondako pang'ono. Mtima wa Arlo unagunda ngati wa mnyamata, ndipo anadzikwiyira.

Majaji analowa atavala mikanjo yakuda. Pakati panakhala mayi Ostrowski, wapampando. Kumanja kwawo kunali bambo Beaudry, amene anasudzulidwa katatu ndipo sankabisa. Kumanzere kunali bambo Lindqvist, nkhalamba yomwe itangokhala pansi inatseka maso.

Nyali yobiriwira inayaka. Mayi Dombek anati, "Olemekezeka oweruza, ndaima pano m'malo mwa..." koma sanafike patali. Ku apilo loya saloledwa kumaliza chiganizo.

"Mayi Dombek," anatero Jaji Beaudry, "mkazi akanena kuti zatha, inu mumamva kuti chiyani?"

"Zimatengera kuti wanena kangati, Olemekezeka. M'mafailo mayi Haugstad anavomera okha kuti mawu amenewa ankawanena chaka chilichonse pokolola, kampani n'kumapitirira."

"Ine akazi anga anandiuza kamodzi kamodzi," anatero Jaji Beaudry, "ndipo onse atatu sankanena zocheza."

Ana anaseka mpaka mabenchi kugwedera. Mphunzitsi wamkulu anaimirira n'kuwatuzulira maso. Arlo anaweramitsa mutu, makutu akutentha.

"Tiyerekeze kuti tagwirizana nanu," anatero Jaji Ostrowski. "Ndiye munthu amene wazolowera kuopseza atafuna kuchokadi m'kampani, achite chiyani kuti amukhulupirire?"

"Alembe kalata, Olemekezeka, monga lamulo likunenera. Kapena achotse chikwangwani pachipata."

"Chikwangwanicho chilipobe?"

"Chinalipo mpaka tsiku la mlandu. Za pambuyo pake sizili m'mafailo."

Aliyense m'holomo ankadutsa pachipatapo ndipo ankadziwa kuti chikwangwani chilipo, koma majaji analemba kuti sizikudziwika. Ana anayamba kuyang'anana.

Kenako anaimirira loya wa boma, bambo Lyle Kowalke, wamtali, wa tayi yofiira. Iyeyu anabwera atakonzeka. Anati n'zoona kuti mawuwo ankanenedwa chaka chilichonse, koma zaka zonsezo ankatsatana ndi chakudya chamadzulo. Chaka chimenecho anatsatana ndi jombo. Anapita pakatebulo n'kuinyamula m'mwamba kuti aliyense aione.

"Mawu amauluka, Olemekezeka, koma iyi inatera. Inatera pamsana pa woimbidwa mlandu. Palibe kalata yomveka bwino kuposa imeneyi."

"Ndiye boma likufuna tigamule kuti m'chigawo chino kampani ikhoza kuthetsedwa ndi nsapato?" anafunsa Jaji Ostrowski. "Amabanki mwawadziwitsa?"

"Si nsapato iliyonse, Olemekezeka. Nsapato ya ntchito. Akanaponya silipasi, boma silikanabwera kuno."

"Pamenepo ndikuvomereza," anatero Jaji Beaudry, akulemba.

Nyali yachikasu inayaka. Apa ndi pamene Jaji Lindqvist anatsegula maso. Ambiri tinkayesa agona.

"A Kowalke, munthuyu ali ndi miyendo ingati?"

Bambo Kowalke anacheukira Arlo. "Iwiri, Olemekezeka."

"Zili m'mafailo?"

"Palibe amene anatsutsa, Olemekezeka."

"Chabwino. Miyendo iwiri, jombo imodzi. Inayo ili kuti?"

Bambo Kowalke anatsegula mafailo, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, thukuta lili kamukamu. Jaji anayang'ana mayi Dombek, nawonso anatambasula manja. Kukhoti loyamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za jombo yachiwiri.

Arlo anakhala tsonga. Funso limeneli ndi limene linamusowetsa tulo zaka ziwiri. Ankamudziwa mkazi wake: chinthu akathana nacho amachiwotcha mumgolo kuseri kwa shedi. Anawotchamo makalata a chibwenzi chake choyamba, anawotchamo makatani amene anasankha mlamu wake. Ngati jomboyo inalowa mumgolo, majaji akhoza kugamula chilichonse, iye kwawo kulibe.

"Bwanji osandifunsa ine?" Anali Verna, ataimirira kumabenchi a alendo. "Ndili pompano!"

"Mayi, khalani pansi," anatero Jaji Ostrowski. "Khoti lino silimva mboni."

"Mwafunsa funso, ine ndili ndi yankho."

"Tafunsa maloya."

"Maloyawo anayamba alowapo m'nyumba mwanga? Wamtaliyo akudziwa kumene ndimasunga tsache?"

"Mayi Haugstad, mukanena tiyenera kuchita ngati sitinamve, ndipo zimenezo ndi zotopetsa. Chonde khalani pansi."

Jaji Beaudry anali atatseka kale makutu ndi zala. Bambo Kowalke anakumbatira jombo pachifuwa ngati wina ailanda.

Arlo anapezeka waimirira osadziwa. "Asiyeni anene!" anakuwa.

Jaji Ostrowski anavula magalasi. "Bambo Haugstad, mukulankhula ndi ndani? Ngati ndi khoti, khoti silikukumvani. Ngati ndi akazi anu, mukuphwanya lamulo ndipo wapolisiyo akutengani."

Arlo anayang'ana majaji, n'kuyang'ana mkazi wake. Mawu onse aja anali pakamwa, kuyambira kapu ya tiyi mpaka nkhono, ndipo m'holo yodzaza anthu munalibe ndi mmodzi yemwe amene lamulo linkamulola kuwamva.

"Ndikulankhula ndekha, Olemekezeka," anatero, n'kukhala pansi.

"Chabwino," anatero Verna, akukoleka chikwama paphewa. "Khalani ndi umbuli wanuwo."

Anatsika pamabenchi n'kudutsa pakati pa bwalo, nsapato zili gogogo, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Chitseko chitatsekeka nyali yofiira inayaka. Bambo Kowalke anatseka pakamwa, majaji anati chigamulo chidzatuluka nthawi yake ikadzakwana, ndipo ana anapita kukadya atamvetsa bwino mmene chilungamo chimayendera.

Nyengo yozizira yonse tauni inakhalira kukamba za jombo inayo. Wometa tsitsi anati anaona utsi wakuda kufamuko sabata yomwe Arlo anachoka, ndipo utsi wa labala sausokoneza ndi wina. Mayi wa ku positi ofesi anati ayi, inaponyedwa mumtsinje. Panali amene akanatha kungopita kukamufunsa Verna, koma amene anayesa anabwerako atauzidwa kuti funsolo silili m'mafailo. Arlo anasiya kulankhula ndi makina otchetchera kapinga. Ankangogulitsa misomali, n'kumayang'ana kumapazi kwa makasitomala.

Zigamulo za apilo zimatuluka Lachinayi. Lachinayi lina, nthawi yodzala itayandikira, mayi Dombek anaimba foni kusitolo.

"Tapambana, a Haugstad. Awiri kwa mmodzi. Simulinso wakuba, ndipo lamulo lokuletsani kufamu lachotsedwa."

Anamuwerengera pang'ono. Majaji awiri anati mawu onenedwa chaka ndi chaka popanda chotsatira sangathetse kampani, ndipo jombo imodzi ikhoza kutanthauza kuti choka, ikhozanso kutanthauza kuti wandikwiyitsa. Za jombo yachiwiri mafailo ali chete, ndipo mafailo akakhala chete mwayi umapita kwa woimbidwa mlandu. Jaji Beaudry anatsutsa, n'kulemba masamba ambirimbiri ofotokoza kuti malinga ndi zimene iye anaona pa moyo wake, nsapato imodzi imakwana.

"Ndiye anena kuti sitinasiyane," anatero Arlo.

"Sananene choncho, bambo. Anena kuti boma lalephera kutsimikiza kuti munasiyana. Zinazo akudziwa ndi akazi anu."

"Nanga jombo yangayo andibwezera?"

"Ikhala kaye kuboma, mwina angafune kupita kukhoti lalikulu."

Arlo anavala nsapato zake za Lamlungu, chifukwa zinali zokhazo zooneka bwino, n'kulowa m'kalole. Njira yonse ankabwereza mawu ake aja. Pachipata chikwangwani chinalipo, koma chikwangwani ndi thabwa chabe, munthu akhoza kungochita ulesi kuchizula. Anayang'ana kuseri kwa shedi n'kuona mgolo uja uli pomwe umakhala, wakuda bii.

Anagogoda pakhomo la nyumba yake yomwe. Verna anatsegula, manja ali dothi, ndipo pawindo la kukhitchini kumbuyo kwake panali makapu a tiyi a mbande.

"Ulendo uno mwabwera kudzaba chiyani?" anafunsa.

Arlo anatsegula pakamwa. Mawu a zaka ziwiri, aja ankaliritsa mwini wake, anabalalika onse osatsala ndi limodzi.

"Jombo inayo ili kuti?" ndi zokhazo zimene zinatuluka.

"Maso muli nawo."

Anayang'ana pansi. Mkati mwa khomo, pakamkeka pomwe ankavulira zaka zonse, panali jombo za Verna ziwiri, ndipo pambali pake panaima yake, yokhayokha, yopanda ndi fumbi lomwe.

"Ndimaisuntha ndikamakolopa, n'kuibwezera," anatero Verna, akuyang'ana kumbali. "Ndinaigwira tsiku lija kuti ndiponyenso, koma ndinati munthuyu abwera kudzaitenga, tidye. Inu n'kukatenga dzungu. Maloya onse aja, majaji a makhoti onse awiri, panalibe wondifunsa."

Arlo misozi inalengeza. Anafuna kunena kuti pepani, koma anangoima pakhomopo ngati mlendo wosochera.

"Musandiimirire pamenepo, mukulowetsa mphepo," anatero Verna. "Majaji anu aja anena kuti theka la munda ndi lanu, ndiye theka la udzu ndi lanunso. Wailesi yati kubwera chisanu, mabedi a mbande akufunika kufunditsa. Mabulangete ali m'shedi. Koma la amayi lija mukangoligwiranso, zatha. Mwamva? Zatha!"

Arlo anali asanamvepo mawu okoma chotero. Anakhala pakhonde, n'kuvula nsapato imodzi ya Lamlungu, n'kuvala jombo. Anatsika kumunda akutsimphina, phazi lina m'jombo, lina mu nsapato yopolisha. Asanafike pashedi anamva windo la kukhitchini likutseguka.

"A Haugstad! Zokazinga kapena zophika?"